Zosowa Pambuyo pa "Because"

Mokpo, 9 Ogasiti

Akulu anga a Geum-rye,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Sokcho kumeneko. Bondo lija likukulolani kukwera masitepe? Nanga alamu, shuga watsika? Ine ndilipo, kungoti kutentha kwa chaka chino kwatifoola tonse mumsika.

Koma sindinalembere za kutentha. Khalani pansi.

M'mwezi wa Malichi ndinalandira kalata kudzera ku bungwe lija lopezera ana makolo kunja. Mwana wanga Tae-ung ali moyo. Ali ku Amereka, amamutchula Russell, ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo ali ndi mwana wamkazi wa mpata pakati pa mano ngati ine. Chikoreya sadziwa, ngakhale moni. Funso lake linali limodzi lokha: chifukwa chiyani?

A bungwe anati ndiwafotokozere zonse, iwo amasulira. Ndinakana. Mwana amene sakumbukira mawu anga, lero amve mawu a mlendo? Choncho ndinalembetsa sukulu ya Chingerezi ya akuluakulu ku ofesi ya dera lathu, Lachiwiri ndi Lachinayi masana, ine wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Mayi Bong, wogulitsa tofu, chakudya cha soya chija, pafupi ndi benchi langa, anandiseka kuti ndikusaka mwamuna wa ku Amereka mano atatha kale. Ndinamuuza kuti asamale tofu wakeyo, wayamba kusasa.

Patatha miyezi itatu ndinamulembera ndekha m'Chingerezi mizere isanu iyi: Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Bambo anga anakwiya. Ndinapita kuntchito m'mawa. Ndinabwera madzulo. Iwe kunalibe.

Ndinaonetsa aphunzitsi athu a Pyo, mtsikana wosakwana zaka makumi atatu. Anati palibe cholakwa, koma ziganizo zanga zili ngati anthu okangana amene akhala pa mpando umodzi osayang'anana. Ndizilumikize. Akuti nthambi za chiganizo zofanana mphamvu zimagwirana ndi and, but kapena so. Koma nthambi yonena chifukwa kapena nthawi imayamba ndi because, although kapena when, ndipo payokha siima, imatsamira pa inzake.

Iwo ankayesa ndatenga nkhaniyo mu sewero la pa TV. Anapita nayo pa bolodi, anthu khumi ndi awiri akuona, nalemba chitsanzo chakuti: chifukwa bambo anakwiya, ndinakupereka.

Akulu, ndinamenya tebulo. Ndinakuwa kuti sindinampereke ine! Titaweruka aphunzitsiwo ananditsatira mpaka pakhomo, kupepesa, kuwerama kangapo, misozi ili lengelenge. Koma kamtsikanako nkouma mutu. Anati ngati si choncho, ndilembe mmene zinalilidi, chifukwa wowerenga akapanda kuuzidwa chimene chinabala chinzake amadzilumikizira yekha, ndipo nthawi zambiri amalumikiza molakwa.

Ndinati aiwale. Ndinamanga mizere yonse isanu ndi and, and, and, ngati nsomba pa chingwe, nkutumiza.

Yankho la mwana wanga linabwera patatha masabata awiri. Anathokoza mwaulemu, ananditchula amayi. Kenako anati ndamuuza zimene zinachitika, china pambuyo pa chinzake, koma chifukwa chake sanachipeze. Anafunsa ngati zikutanthauza kuti ndinavomera kuti atengedwe ine ndili kuntchito, kuti ndisaone.

Mwaona? Zimene ananena aphunzitsi zija. Ndinakhala masiku atatu osafuna kuwayang'ana kumaso.

Tsopano because ndikumudziwa bwino. Ndikudziwa kuti akayamba chiganizo, pakati pamafunika mpatuliro. Mayeso a sabata latha ndinakhoza asanu ndi anayi mwa khumi. Chimene ndilibe ndi mawu oika pambuyo pake, ndipo mawu amenewo ali ndi inu.

Ndikudziwa kuti munali inu. Mkazi wa wometa wa kwathu uja anakuonani tsiku lija mukukwera basi ya ku Gwangju, mwana ali kumsana, mutamfunditsa bulangete langa lachikasu. Anandiuza sabata lomwelo. Inu munati munali ku mtsinje, simunaone kanthu, ndipo ine ndinagwedeza mutu ngati ndavomera. Ndinaphika pa ukwati wanu, ndinasambitsa ana anu, bambo tinawaika limodzi, ine chete. Ndinkaopa kuti ndikafunsa nditaya inunso.

Lero ndikufunsa. Anakutumani ndi bambo? Anakuopsezani? Kapena munaona nokha kuti sindikanatha kumlera? Analira m'basimo? Kumene munakamusiyako, dzina lake munawauza ndinu?

M'kope langa ndalemba ziganizo ziwiri. China chikuti: ngakhale mkulu wanga ankandikonda, anakutenga. China chikuti: mkulu wanga anakutenga chifukwa ankandikonda. A Pyo achonga zonse ziwiri, akuti ndi Chingerezi chabwino. Ndinachita kuluma mlomo kuti ndisawatukwane. Chabwino kwa ndani? Chimodzi mwa ziwirizi ndi bodza, ndipo mwina zonse. Ine sindingakusankhireni.

Tae-ung akubwera pa chikondwerero cha Chuseok, iye ndi mwana wakeyo. Watsala mwezi ndi masiku ochepa. Anafunsanso ngati ndili ndi abale. Ndinayankha kuti ndili ndi mkulu wanga mmodzi, nkuika mpumiro pomwepo. Sindinawonjezere kanthu.

Musandiimbire foni. Ndikukudziwani, mudzayamba kulira, inenso ndidzalira, kenako ndidzati palibe kanthu, zinapita. Sizinapite. Lembani, ngakhale mzere umodzi, m'Chikoreya chathu chomwechi. Kuchiika m'Chingerezi ndi ntchito yanga, ndipo ndidzalemba monga mwanenera, osakometsa, osaipitsa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Hye-ran ndi ana ake. Kumwamba kukusungeni ndi moyo wautali, nonse m'nyumbamo.

Ine mng'ono wanu, wokwiya koma wanube,

Mal-sun