Chithunzi cha mwana wa alamu

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, kungoti fumbi. Lilongwe munamusiya uja akumukutumula ngati mphasa. Malole ochokera ku Zomba akubwera atasenza makabati ndi mipando ya boma, ndipo kutsidya kwa Lingadzi, komwe tinkatola nkhuni, kwamera nyumba zoyera za maunduna. Mudzi wathu aboma aulamula kuti tikangokolola tisamuke, pakuti pamenepo adzamangapo nyumba za mabwana. Manda akuti sakhudza. Ndiye inu mutsala nokha pakati pa misewu, ndipo nkhaniyi ikandibwerera mumtima ndimalephera kukhala pansi.

Chimanga cha kudambo chachita bwino, koma mtedza unapsa ndi dzuwa. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri. Nkhani yaikulu ndi yakuti achimwene a Yohane ndi alamu aNabanda ali ndi mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu, Elube. Ine ndinangomva kwa anthu. Kunyumba kwawo sindinapondeko chiikireni maliro anu, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Muja munkadwala ndinabwereka kamera kuntchito kuti ndikujambuleni, alamu nkuima pakhomo manja ali m'chiuno, amvekere, "Wodwala sajambulidwa." Munapita opanda chithunzi ngakhale chimodzi. Tsopano nkhope yanu yayamba kundithawa, amayi. Mawu anu ndimawamva bwinobwino, koma ndikati ndione maso anu ndimangoona duku.

Ntchito ndikadali kwa a Mhango, ojambula zithunzi a m'tauni yakale aja. Tsopano kamera anandisiyira ine, chifukwa iwo akatulukira nayo kumsika azimayi amakokera ana kuseri kwa zitenje. Anthu ali ndi mantha, ndipo sindiwanena. Alendo achuluka m'tauni muno, sudziwa kuti chithunzi cha mwana wako chikagona m'thumba la yani. Ine ndimatsata mawu anu aja akuti ukafuna mwanapiye yamba wapereka moni kwa make. Kamera ndimaibisa kaye m'chikwama. Ndimakhala pansi, nkufunsa kwawo, nkunena kwathu ndi malo omwe ndimagwira ntchito. Mayi akamasuka ndimamupatsa kuti asuzumire yekha m'kagalasi, aone kuti mulibe kanthu koma mwana wake yemweyo atachepa. Mwana wogona kumsana sindimujambula, chifukwa papepala amaoneka ngati watisiya. Wokana ndimamusiya, ngakhale a Mhango amadandaula kuti ndimataya tsiku ndi macheza.

Nkhani ya ku Eriya 14, kumene kumakhala mabwana, ndi ina. Kumeneko ana amayendetsedwa ndi antchito pansi pa mitengo, ndipo wantchito sangavomerere mwana wa eni. Umayenera kukagogoda pageti, galu akukuwa, dona nkukuyang'ana kuyambira kumapazi asanayankhe moni. Ophunzirawo safunsa za mankhwala a ufiti ayi, amafunsa kuti zotsala za chithunzicho mumaziika kuti. Funso lake ndi limodzimodzi ndi la kumsika, langovala nsapato.

Lachiwiri lapitali ndinapita kusikelo ya ana, kumene azimayi amakhala pamzere panja podikira kuyezetsa makanda. Ndikupereka moni, ndinangoona chipumi chanu, amayi. Chipumi chanu chenicheni, ndi makwinya aja munkachita mukamalowetsa ulusi pasingano, zili pankhope ya kamwana kosayenda nkomwe. Nditakweza maso ndinapeza kuti wakanyamula ndi alamu. Miyendo inafuna kundibweza, koma ndinaganiza kuti akasamuka apita kutali, mwanayu akula, nkhope isintha, ndipo ine ndikhala nditakutayani kawiri.

Ndinagwada ngati kwa mlendo. "Mwaswera bwanji, alamu?"

"Taswera. Kani pakamwa mukadali napo?"

Munkandiuza kuti lilime langa ndi khasu, lidzandilimira udani. Ndinaliluma mpaka kumva kuwawa. Ndinati ndikupempha kujambula mwanayu, ndipo mukakana ndichoka mwaulemu. Iwo anati, "Pagulu pano? Kuti aliyense aone kuti mwana wanga walowa m'bokosi?" Ndinawapatsa kamera kuti asuzumire. Anaigwira ngati mbale yamoto. Mayi wina wa pamzerepo, wogulitsa tomato amene ndinamujambulirapo ana ake, anati, "Suzumirani, mayi, simutuluka njoka. Anga anajambulidwa atatu ndipo akundithera ufa mpaka lero." Anthu anaseka, alamu nkuika diso. Kenaka anati, "Nanga chakuda chija chimatsala kwa inu?" Amanena filimu, imene munthu amaonekamo tsitsi loyera, mano akuda. Ndinawauza kuti ndidzaidula ndi sizasi nkuwapatsa m'manja pamodzi ndi chithunzicho, akafuna akaitenthe okha.

"Ayi," anatero. "Mwana wanga samujambula munthu wondisungira mkwiyo. Mumunyamule inuyo, ndidine ndine."

Amayi, ndinamunyamula. Ndi wolemera, ndipo amanunkhira utsi wa m'khitchini mwanu muja. Anandigwira ndolo nkuikoka. Ndinawaonetsa alamu podina, ndinawauza kuti asapume, ndipo anadina atatsinzina maso onse awiri.

Pondibwezera kamera ndi pomwe ananena mawu amene andichititsa kulemba kalatayi. Anatsitsa mawu kuti ena asamve, nkuti, "Tsiku lija sindine ndinakana. Amayi anu anakuonani pazenera mukubwera ndi chinthuchi, nkundiuza kuti ndikuletseni. Anati mwanayu asandisunge ndili mafupa okhaokha. Ndinkawasambitsa ndine, ndikudziwa mmene analili." Ndinawafunsa kuti nanga bwanji osanena nthawi yonseyi. Anati, "Munandifunsa?"

Kodi ndi zoona, amayi? Ngati ndi bodza, ndi bodza lanzeru, chifukwa mboni yake ndi inu ndipo simungayankhe. Koma mawuwo akumveka ngati anu. Inu amene simunkatuluka ngakhale kukatunga madzi musanamange duku bwino. Ngati ndi zoona, ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikudana ndi munthu wolakwika, ndipo woyenera kumukwiyira ndi inuyo. Munandiganizira kuti sindingapirire kukuonani mutaonda? Ndikanasunga ngakhale mafupawo. Anali anu.

Chithunzi tatsuka dzulo. Alamu anandidula mutu, ine ndikuoneka kuyambira pachibwano kutsika. A Mhango anaseka mpaka kukhosomola, akuti titaye. Ndinawalanda. Mwanayo watuluka bwino kwambiri, akuyang'ana kutsogolo atakwinya nkhope ngati akufuna kufunsa amene wasiya chitseko chosatseka. Ndachiyang'ana mpaka maso kuwawa.

Ndatsukitsa ziwiri. Loweruka ndipita kumudzi kukapereka chimodzi pamodzi ndi filimu ija monga ndinalonjezera, ndipo zikutanthauza kuti ndilowa m'nyumba ya alamu nkudya chimene andipatse. Musafulumire kusangalala, sindinanene kuti ndakhululuka. Sindikudziwanso kuti ndiyambire kwa yani, kwa iwo kapena kwa inu. Ndikachoka kumeneko ndidzera kwa inu ndi khasu, ndidzalambule udzu, ndikuonetseni mdzukulu wanu pachithunzi chinacho. Akadzamanga nyumba zawozo, ngakhale aike mpanda ndi agalu, ine ndizidzabwerabe. Pageti za mabwana ndazolowera kale kugogoda.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale ndakukwiyirani,

Esinati