Nkhunzi Zosalira za ku Dibi la Manyamula

11 Juni 1979

Bambo Zondwayo, bwana wathu wa vetenale ku Boma, abwera ndi fomu yatsopano. Podinda ng'ombe ndi chitsulo chamoto ndizilemba yomwe yalira: nkhunzi kapena yaikazi, yopuma kapena yothamangitsidwa. Zaka ziwiri za sukulu ya ziweto kuti ndikhale mlembi wa maliro a ng'ombe. Yewo chomene.

14 Juni

Fomu ili ndi nzeru kuposa mwini wake. Nkhunzi zogona pafupi zibangula ngati zikuphedwa. Zobwera ndi agalu ndi zikwapu kuchokera kutali: chitsulo pantchafu, utsi, fungo, izo zii. Zazikazi ayi. Yolandidwa thole, kungoikhudza, mwendo m'mwamba.

Bwana akuti amuna ndi olimba mtima, basi. Ine pakamwa panga: si kulimba mtima, ndi mantha; woopsezedwa bwino salira, amawomba m'manja. Alimi anaseka. A Fanuel, tcheyamani wa chipani kuno, sanaseke.

Nkhunzi ina yandiponda chala chaphazi. Mwina ndi membala.

17 Juni

Kalata. Ndikaonekere ku Boma Lachiwiri.

Scholastica, mkazi wanga, mimba ya miyezi isanu ndi itatu. Chiwerengereni kalatayo msana ukumupweteka. Ndamuuza kuti akukokomeza, ine katswiri.

19 Juni

Njinga mpaka ku Mzimba. Benchi tsiku lonse. Apolisi awiri, funso limodzi: owomba m'manjawo ndani? Ndati ng'ombe, bwana. Akuti ng'ombe zili ndi manja?

Andipulumutsa Bambo Zondwayo. Anawauza kuti ndine chitsiru chodziwika, koma wobaya jakisoni wina kulibe. Sindinayamikiridwepo chotere.

Povula nsapato panja, chala chakuda, chotupa ngati mbatata. Tsiku lonse osachimva. Atangonena kuti pita, mbwenu pomwepo ululu ngati moto mpaka m'chiuno. Njinga ndachita kukankha.

20 Juni

Nyumba yotseka. Aneba akuti Scholastica anapita ku chipatala dzulo m'mawa, wapansi, ndi mlamu wake Doris. Sunali msana wamba. Anayamba kumva ndisananyamuke, osanena, kuti ndisachedwe ku Boma.

Mwana wamkazi. Kakang'ono, kukwana m'chipewa changa. Sakuyamwa bwino. Ndaima pakhomo la wodi ndikumuyang'ana.

2 Julaye

Akuyamwa. Akulira usana wonse. Alire, iye yekha ndiye ali ndi chilolezo.

Chala changa anachiboola anamwino. Ndinakuwa mpaka amayi a mu wodi anadzasuzumira. Doris wauza mudzi wonse kale.

A Fanuel abwera kudzaona mwana, ndi nkhuku. Ndawathokoza ndi manja awiri.

9 Julaye

Kalata ina. Andisamutsira ku Nsanje, mwezi wamawa. Akuti ndi kukwezedwa. Kutentha, udzudzu, mwana wakhanda pa lole.

Ndamuwerengera Scholastica ndikuyembekeza misozi. Anapitiriza kuyamwitsa. Anafunsa ngati kumeneko kuli ng'ombe, ndinati zambiri.

“Ndapota,” akutero, “mukayankhule ndi zimenezo zokha.”