Mabotolo Khumi ndi Awiri Oyaka ndi Dzuwa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi lasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti ulemu ukundichulukira masiku ano.

Khalani pansi, inu odziwa zamagetsi m'banja mwathu, amene munandiuza pa foni kuti digiri yanga ya mbiri yakale singayatse ngakhale tochi. Mawu amenewo ndinawasunga.

Ife ochita lendi pano tinagwirizana kukongoletsa pabwalo pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka. A landilodi analetsa kukoka mawaya kuchokera m'nyumba, ati tiwaotchera chuma chawo. Pamsonkhano pakamwa panga panathamanga kusiya mutu m'mbuyo, ndinalonjeza nyale khumi ndi ziwiri zoyaka ndi dzuwa. A telala oyandikana nane anaseka mpaka kutsokomola, ati ife ophunzira chimene timatha kuyatsa ndi mikangano basi. Ndiye ndikanalephera, ndikanadutsa pati pabwalo pano?

Ndinatolera mabotolo a jamu n'kuwaviika m'madzi otentha kuti mapepala amatuke. Ndinagula tinyale totchipa ta sola tozika m'maluwa tija, n'kuchotsa mitu yake, momwe muli kagalasi kotapa dzuwa, kabatire ndi kababu. Chivindikiro chilichonse ndinachiboola pakati, n'kumatapo mutuwo ndi guluu, kagalasi kali kumwamba. M'kati mwa botolo ndinapakamo penti wopyapyala, pakhosi waya wopachikira. Zala ziwiri zili m'mabandeji, musafunse.

Ndinawayanika pawindo tsiku lonse. Madzulo ndinawandandalika pa tebulo la kukhitchini, babu ya kudenga ili ngwee, ine n'kumadikira. Zii! Ndinawagwedeza, ndinawanyoza, olo limodzi kuphethira. Ndinatsala pang'ono kukuimbirani, koma ndinati bola kusamuka usiku. Mokwiya ndinawatsekera m'kabati ya mapoto. Potembenuka ndinangoona kuwala kukutulukira m'mphepete mwa chitseko. Achimwene, tinthuti timayaka tikaona mdima basi! Zimenezi inu mumazidziwa, koma kuuza mlongo wanu ayi.

Tsiku lenileni ndinawapachika onse pa chingwe choyanikira zovala. Dzuwa linalowa, anthu anabwera ndi mipando yawo, mabotolo ali duu. A telala anayamba kufunsa mokweza kuti kodi jamuyo tidya nthawi yanji. Nditakweza maso ndinamuona mdani wanga: getsi lalikulu la pa geti, likuwalitsa bwalo lonse ngati masana. Ndinapita kwa alonda, manja kumbuyo, kukawapempha kuti alizimitse kwa mphindi imodzi yokha. Ananyinyirika kuti ndikufuna kuwathetsera ntchito, koma anadina.

Onse khumi ndi awiri anayaka kamodzi, ofiira, obiriwira, achikasu! Anthu anakuwa, ana analumpha, mayi wina anagwetsa mbale. Alonda omwewo anati getsi lawo liyambe lapuma mpaka anthu atabalalika. A telala anazungulira botolo limodzi katatu kufunafuna waya wobisika, kenaka anandikokera pambali n'kunong'ona kuti akufuna atatu a pakhonde la shopu yawo. Ndinawauza kuti alembe kalata yopempha, ndidzaiona ndikapeza mpata.

Pempho langa ndi limodzi. Mabotolo a kukamwa kwakukulu amene amayi amasunga pamwamba pa kabati kuyambira tili ana, aja saloleza munthu kuwakhudza, munditumizire pa basi mutawakulunga m'nyuzi. Kuno ndamaliza onse, ndipo jamu wandikola. Amayi akakana, muwauze kuti awiri adzabwerera kwawo akuyaka.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana onse, ngakhale uja sayankha mauthenga anga.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi