Mbewa Zanga Sizinadwalitse Mwana

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti kamwana kathu m'mimba munakavuta masabata awiri.

Ndikudziwa kuti apongozi anga akuimbirani kale. Akuti ndine ndikudwalitsa mwana ndi mbewa za kuntchito, ndiye ndisiye ntchitoyo, apo ayi atenga mwana ndi mayi ake. Imvaninso mbali yanga.

Kuntchito ndimasamala zipinda ziwiri. M'choyamba muli mbewa zomwe adokotala ofufuza anazipatsa kachilombo ka m'mimba kokha. Za m'chachiwiri anaziwonjezera kena ka m'matumbo, kuti aone ngati zilonda za m'mimba zikula kapena zichepa tizilomboto tikakumana. Lamulo ndi lakuti ukalowa m'chachiwiri subwereranso m'choyamba usanasinthe nsapato, chovala ndi magolovesi, n'kusamba. Kachitosi kamodzi kokha kangawononge ntchito ya miyezi isanu.

Ndiye thupi linazolowera. Tsiku lomwe apongozi anafika, mwana anakwawa kudzandichingamira pakhomo, ine n'kubwerera m'mbuyo manja m'mwamba, ulendo wa kubafa. Iwo akuti munthu wothawa mwana wake amadziwa chimene wanyamula.

Ndisakunamizeni, nanenso mantha anandigwira. Ndinatapa chimbudzi cha mwana pathewera, kuika m'kabotolo kotengera zitosi za mbewa, n'kupita nacho kwa adokotala aja. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati, "Bambo, uyu ndi munthu, alibe mchira. Pitani naye kuchipatala lero lomwe."

Kuchipatala anamupeza ndi njoka zam'mimba, poti mwanayu chilichonse cha pansi n'cha m'kamwa. Mankhwala anamwa, ndipo dzulo anadya mpaka kulirira zina. Apongozi pepala la kuchipatala akukana n'kuliyang'ana komwe, akuti olembawo ndi anzanga.

Achemwali, sukulu ndinalekera panjira, koma ntchito iyi ndimaidziwa, ndipo ndi imene ikulera mwanayu. Sindisiya. Mayi a mwana anena okha pamaso pa amayi awo kuti sapita kulikonse.

Chonde aimbireni apongozi, inu amakumverani. Muwauze kuti pakhomo pano akhale masiku amene angafune, bedi tawasiyira, ife tikugona pansi. Koma pobwerera anyamule chikwama chawo chokha.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Bambo a mwana