Makina Opumira a Achimwene

Okondedwa Malume,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji pamodzi ndi azakhali? Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi.

Achimwene a Yohane sanatsitsimukebe chigwereni kuntchito ku Montague Gardens, kuno kudziko la eni. Akupumira makina. Lachiwiri adokotala anandiitana, nati sadzadzukanso, ndipo anapempha kuti abale tivomereze azimitse makinawo. Ine ndinangoyang'ana pansi. Ndinati, "Pepani, ine ndine mwana, mwini mbumba ali ku Dedza."

Azimayi a kumpingo akuti moyo ndi wa Mulungu, kuvomera n'kupha. Koma nesi wina anandiuza kuti, "Sisi, kuwasunga chonchi n'kuwazunza." Ndikamawapukuta ndimaona zilonda kumsana, komabe dzanja lawo n'lofunda. Sindikudziwa amene akunena zoona.

Malume, munawalera ndinu. Chonde nenani mawu, yankho mupatsire dalaivala wa basi yemwe wabweretsa kalatayi. Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Mukati tidikire, ndidikira. Mukati azimitse, ndidzakhala pomwepo nditawagwira dzanja, kuti asapite ngati munthu wopanda abale.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mwana wanu,
Esinati