Chimbale cha a Haugen chatsegulidwa

Kwa mayi Darlene Korpela, ana ndi adzukulu, komanso anthu onse a mu Duluth,

Ife a Bungwe la Osunga Zimbale za Galamafoni talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya bambo Wendell Korpela, woimba gitala wa gulu la Ore Dock Saints. Wapampando wathu, bambo Orville Haugen, akuti zilembo za pa foni saziona, ndiye andiuza kuti ndilembe ineyo, mwaulemu, osaseka. Ndiyesetsa.

Malemuwa anaimba zaka makumi anayi, anatulutsa zimbale zisanu ndi chimodzi, ndipo azigogo athu ambiri anapezana akuvina nyimbo zawo, ndiye kunena zoona enafe tinabadwa chifukwa cha gitala ameneyo kkkk. Lachiwiri lililonse ankabwera ku msonkhano wathu n'kumatiseka kuti zimbale timazigwira m'mphepete ngati mbale yotentha. Tikuthokoza kwambiri.

Lolemba munatiimbira, mayi, kupempha kuti nyimbo imene anakupekerani muli pa chibwenzi idzalire pa maliro. Nyimboyo ili pa chimbale choyamba chokha, cha 1973, ndipo chanu chinapita ndi madzi osefukira aja. Tafunsa ponseponse. Chatsala ndi chimodzi, cha a Haugen, chidakali m'pulasitiki wake wa ku fakitale, zaka makumi asanu osatsegula. Kwa ife osunga zimbale, kung'amba pulasitiki ameneyo ndi malaulo. Ngakhale a Korpela eni ake, a Haugen anawakaniza kusainapo.

Dzulo pa msonkhano a Haugen anabwera atachikumbatira.

"Bwanji tingochiimika pa bokosi la maliro, anthu azichiona?" anatero.

Mayi Bev Rautio, amene amatiphikira khofi, anati, "Iwe Orville, chikuto chimaimba? Kapena tidzakuike nacho m'manda ukamvere komweko?"

"Chikatsegulidwa chatsegulidwa, Bev. Sichibwereranso."

"Nanga Wendell abweranso?"

A Haugen anapukuta magalasi kwa nthawi yaitali, kenako anakhwekhwereza m'mphepete mwa chikuto pa thalauza, monga timachitira, pulasitiki uja n'kung'ambika phwee. Choyamba ananunkhiza kaye m'kati kkkk. Ine misozi ikutuluka, kuseka kukundivutanso, pepani.

Sitinachilize. A Haugen akuti woyamba kuika singano ya galamafoni pa chimbalechi mukhale inu.

M'malo mwa mamembala onse, akulu ndi ana omwe, tikupereka chipepeso chathu kwa inu ndi banja lonse, ndipo tikupempha Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa. Loweruka tibwera ndi galamafoni ku tchalitchi. Nyimbo yanu ndi yachitatu, mbali yachiwiri. Singano ikaterereka musadandaule, a Haugen anena okha kuti chikakandika, chikandike.

Tamsin Ojala, mlembi,
m'malo mwa wapampando