Mzere Umene Ndinadumpha

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Nanga mwendo uja wasiya kutupa? Ine kuno ndilipo, koma mtima suli m'malo.

Apilo ya achimwene aiika pa 19 mwezi uno. Ndinakawaona kundende Loweruka. Aonda, Amayi, malaya akungolendewera. Anafunsa ngati zida zawo zaukalipentala ndikuzipaka mafuta. Ndinati eya, chonsecho hamala ija anamenyera munthu idakali kukhoti ngati umboni.

Loya wandifotokozera mosabisa. Woweruza woyamba anakana zoti achimwene ankadziteteza. Anati munthu wodziteteza samenya kawiri, ndiye kuti achimwene anali ndi chakukhosi ndi malemu Chimkono, mnzawo wa kushopu uja. N'chifukwa chake anawapatsa zaka 25. Chikwanje chimene Chimkono anabwera nacho anachiona ndi achimwene okha. Anzawo a kushopu onse akuti anali kuseri, ati kukapala matabwa. Anthu asanu kupala thabwa limodzi!

Tsono pempho langa ndi ili. Mukukumbuka kalata imene achimwene anakulemberani kutatsala sabata kuti izi zichitike, yodandaula kuti Chimkono wawaopseza ndi chikwanje? Loya akuti ikhoza kuwapulumutsa, khoti likalola kuilandira. Ndikudziwa munaisunga m'chikwama chanu chakuda.

Koma ndili ndi mlandu kwa inu. Tsiku lija ndinkakuwerengerani, ndinadumpha mzere umodzi pa tsamba lachiwiri, poopa BP yanu. Analemba kuti: "Akadzandiyambanso, mmodzi wa ife adzamunyamula."

Loya nditamuuza, anavula magalasi. Kenako anati aboma adzaugwira mzerewo ngati umboni woti anakonzekera, ndipo chilango chikhoza kukhala chomwecho, mwinanso kukwera. Koma anati tsambalo likang'ambidwa, kalata yonse yafa, chifukwa siginecha ili pomwepo.

Ndinawafunsa achimwene eni ake. Anati atopa kutchedwa chigawenga, ibwere yonse, khoti limve mantha awo ndi mkwiyo wawo womwe.

Ndikukudziwani, Amayi. Mukangomva izi muyamba kufunafuna machesi. Chonde musatero, ndagwira mwendo wanu. Inenso ndikuopa. Muwapatse amalume aibweretse pamanja lisanafike Lachitatu.

Mupereke moni kwa amalume, azakhali ndi alamu anga. Ndipo amene akukuwerengerani kalatayi asachite zomwe ndinachita ine. Awerenge zonse.

Ndine mzime wanu,
uja wamakani